Nsabwe zafa koma masamba akupiringizikabe: kupopera mafuta kuti mavairasi asamalize dimba

Kuzizira kukangotha, mphepo ya Ogasiti n'kuyamba kuulutsa fumbi, dandaulo limakhala limodzi m'madimba ozungulira Lusaka, kuyambira ku Ngwerere ndi Chongwe mpaka ku Makeni ndi Kafue. Repu wachita mawanga achikasu osakanikirana ndi obiriwira. Tsabola wapinimbira, masamba ake atsopano akutuluka opotoka. Nkhaka ndi maungu zikubala zipatso zokhota, zamatuza. Mlimi wathira kale mankhwala ophera tizilombo kangapo, ndipo akatembenuza tsamba sakupezapo nsabwe, koma matenda akungolowa mzere wina. Ku Soweto Market amayi ooda amangounyamula mtolo, kuuyang'ana, n'kutchula mtengo wosabweza ngakhale ndalama ya mbewu.

Mukapita ndi dandauloli kusitolo ya mankhwala, kawirikawiri amakutulutsirani botolo lina lamphamvu kuposa loyamba. Ndalama zimapita, matenda osasuntha, chifukwa vuto silili pa mphamvu ya mankhwala. Awa ndi mavairasi, ndipo mbewu imene vairasi walowamo sichira ngakhale muithire chiyani. Chimene chatsala m'manja mwanu ndi kutchinjiriza mbewu zimene zidakali zabwino, ndipo pa ntchito imeneyi mafuta opopera pa mbewu, otchedwa mineral oil, amaposa mankhwala ophera tizilombo. Alimi ambiri amene anawayesa n'kuwataya anayamba mochedwa, anatalikitsa masiku, kapena anawathira pa matenda amene mafuta alibe nawo mphamvu.

Chifukwa chake kupha nsabwe sikukuletsa matenda

Nsabwe za m'masamba zilipo zamitundumitundu: zotuwa zimene zimaunjikana pa repu ndi kabichi, zobiriwira za pa tsabola ndi mbatatesi, zakuda ndi zachikasu za pa nkhaka, therere ndi thonje. Zimene timaziona zitadzaza kunsi kwa tsamba zambiri zilibe mapiko ndipo sizipita patali. Zimene zimabweretsa matenda m'dimba ndi zamapiko, zobwera ndi mphepo kuchokera kwa a neba, kutchire, kapena m'munda wakale umene mwini anausiya osazula.

Nsabwe yamapiko ikatera pa tsamba siyamba kudya nthawi yomweyo. Imayamba yalawa. Imabaya kamlomo kake kosongoka m'khungu la tsamba kwa masekondi owerengeka kuti imve ngati mbewuyo ndi chakudya chake. Tsambalo likakhala lodwala, vairasi amakanirira kunsonga kwa kamlomoko, ndipo nsabweyo ikakalawa mbewu yotsatira imamusiya momwemo. Kutenga ndi kupatsira, chilichonse chimatheka mphindi imodzi isanakwane. Zili ngati singano imodzi ya jakisoni imene ikubaya odwala ndi abwino omwe popanda kuisintha.

Ndiye ganizirani mankhwala amene timadalira. A imidacloprid amayenda m'madzi a mkati mwa mbewu, ndipo kuti nsabwe ife iyenera kukhazikika n'kuyamwa kwa nthawi. Yongolawa imauluka ili bwinobwino, itasiya kale matenda. A cypermethrin ndi lambda-cyhalothrin amapha ndithu, koma asanaphe amatha kuibalalitsa nsabwe, n'kumadumpha mbewu ndi mbewu ikubaya paliponse. Amaphanso tizikumbu tija tofiira ta madontho akuda ndi mphutsi zake, timene timadya nsabwe usana wonse popanda malipiro. Chinanso chimene alimi ambiri sachidziwa n'chakuti nsabwe siyenera kukhala ya mbewu yanu kuti ikupatsireni matenda. Ya m'chimanga kapena ya m'udzu, yongodutsa, ikalawa tsabola wanu n'kuona kuti si wake, imapita, koma yabaya kale. N'chifukwa chake dimba lopanda nsabwe ngakhale imodzi yooneka limatha kudwala lonse.

Mavairasi oyenda mwanjira imeneyi ndi amene timalimbana nawo kwambiri pa ndiwo zamasamba. Pa repu, mpiru ndi chainizi pali Turnip mosaic virus. Pa nkhaka, maungu, mavwende ndi butternut pali Zucchini yellow mosaic virus, Watermelon mosaic virus ndi Papaya ringspot virus. Pa tsabola, matimati ndi mbatatesi pali Potato virus Y. Cucumber mosaic virus yekha amagwira mitundu ya zomera yoposa 1,000, kuphatikizapo khovani ndi mnadzi zimene timazisiya m'mbali mwa ngalande.

Chimene mafuta amachita

Mu 1962 katswiri wa ku Canada, R. H. E. Bradley, ndi anzake anasonyeza kuti mafuta amalepheretsa nsabwe kufalitsa Potato virus Y. Kuyambira pamenepo alimi a mbewu ya mbatatesi ku Ulaya ndi ku Canada, komanso alimi a tsabola ndi maungu ku Florida ku America, akhala akupopera mafuta pa chifukwa chimenechi. Mafuta akauma pa tsamba amatsalira m'timing'alu ta khungu lake, malo omwewo amene nsabwe imakonda kubaya. Kamlomo kakadutsa m'mafutamo, vairasi amalephera kukanirirapo bwino. Choncho nsabwe imavutika kumutenga pa mbewu yodwala, imavutikanso kumusiya pa mbewu yabwino.

Muone bwino apa: mafuta sakuchiza, ndipo ntchito yake yaikulu si kupha. Nsabwe zimene azinyowetsa zimabanika n'kufa, akangaude ofiira ndi nkhungu yoyera ya pamasamba zimachepanso, koma zimenezo ndi basela. Ndiponso satchinga matenda onse. Amachepetsa mbewu zodwala ndi kuchedwetsa matenda, ndipo kuchedwako ndiye phindu lake, pakuti tsabola wodwala ali ndi masamba anayi sabala kanthu, pamene wodwala atayamba kale kubala mumakololako ndithu.

Mafuta ake ndi oyengedwa mwapadera kuti apoperedwe pa mbewu. Pa botolo pamalembedwa mineral oil, white oil kapena horticultural oil, ndipo amakhala atasakanizidwa kale ndi mankhwala owathandiza kulowana ndi madzi. Gulani olembetsedwa ku ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, okhala ndi lebulo yowerengeka, osati othiridwa m'botolo la madzi akumwa. Mabotolo ena amalembedwa paraffinic oil. Ameneyo si palafini wa nyale. Palafini, dizilo ndi oyilo wakale wa galimoto zimawotcha mbewu ndi kuipitsa nthaka, zisayandikire m'pampu mwanu.

Muyeso wodziwika ndi 0.75 mpaka 1 peresenti, pokhapokha lebulo itanena zina. M'pampu yobereka ya malita 16 ndi mamililita 120 mpaka 160. M'ya malita 20 ndi 150 mpaka 200. Yezani ndi kapu yoyezera kapena sirinji. Chivindikiro cha botolo si muyeso.

"Ndapopera mafuta, koma matenda akufalabe"

Dandaulo ili ndi limene ndimalimva kwambiri, ndipo funso langa loyamba limakhala lakuti: munayamba liti? Yankho lake nthawi zambiri ndi lakuti, "Nditangoona mawanga, bambo." Pamenepo mwachedwa kale. Vairasi akalowa, zizindikiro zimatenga sabata imodzi kapena ziwiri kuti zioneke. Mbewu khumi zimene mukuziona zodwala lero zili ndi zinzake zambiri zimene zabayidwa kale koma zikuonekabe zobiriwira, ndipo zimenezo zidzaonetsa matenda sabata yamawa ngakhale mupopere bwanji. Mlimi amati mafuta alephera, pamene matendawo analowa mafuta asanafike. Mbewu zofesa m'munda monga nkhaka ndi maungu, yambani kupopera theka la mbewuzo likangomera. Zowokera, yambirani kunazale, ndipo mupitirize zikangogwira m'munda.

Chachiwiri ndi masiku. Mafuta amateteza tsamba lokhalo limene afikapo. Salowa m'mbewu n'kuyenda kupita ku masamba atsopano. Tsamba lotuluka mawa ndi losatetezedwa, ndipo masamba anthete a kunsonga, obiriwira mopita kuchikasu, ndi amene nsabwe zamapiko zimakopeka nawo. Ngakhale tsamba lopoperedwa, likamakula limatambasuka n'kusiya mipata yopanda mafuta. Kupopera kamodzi pa sabata ndiye muyeso wake. Nkhaka, mavwende ndi maungu zikayamba kuyanga nthawi yotentha zimakula mofulumira kwambiri moti kawiri pa sabata ndi pamene mungazisunge. Amene amapopera lero n'kudzabwereranso patapita sabata zitatu angotaya mafuta ake. Ndi bwino kuteteza mabedi ochepa mosadukiza kusiyana ndi kuwaza lima yonse kamodzi pa mwezi.

Chachitatu, chimene ndikufuna tichedwepo, ndi kapoperedwe. Ku Florida, kumene njirayi inakhwimira, alimi amapopera ndi makina a thirakitala pa mphamvu yofika mabala 28 (bar, muyeso wa mphamvu ya pampu), kuti mafuta atuluke ngati nkhungu n'kukuta tsamba lonse. Pampu yathu yobereka imafika mabala atatu kapena anayi basi. Sitingafanane nawo, koma tingayandikire. Chotsani nozulo ya fani imene mumathirira mankhwala a udzu, muike ya hollow cone ya kabowo kakang'ono. Nozulo yakale yokula bowo itayeni. Pampani mosalekeza kuti mphamvu isatsike, yendani pang'onopang'ono, ndipo mzere uliwonse muupopere mbali zonse ziwiri, mukuloza kunsonga, pamwamba pa masamba ndi kunsi komwe. Mukamaliza mzere woyamba, tsitsani pampu, mugwade, muyang'ane tsamba limodzi moyang'anizana ndi kuwala. Lopoperedwa bwino limanyowa lonse mofanana ndi timadontho tating'ono kwambiri. Mukaona madontho akuluakulu akuyenderera n'kukadontha kunsonga, pakati pake pali pouma, ndiye kuti mafuta akupita m'nthaka ndipo nsabwe ili ndi malo obaya. Repu ndi kabichi zili ndi phula pamasamba, zimavuta kunyowa, choncho zimafuna diso kuposa tsabola.

Chachinayi ndi gwero la matenda. Ngati pafupi pali bedi lakale la repu lodwala lonse limene mukulisunga kuti muthyoleko kawiri komaliza, kapena a neba asiya maungu awo akale, nsabwe zobwera ndi vairasi zimachuluka kwambiri moti mafuta sangakwanitse. Izi zimavuta m'madimba oyandikana monga a m'mbali mwa Ngwerere, kumene wina akufesa, wina akuwokera, wina akukolola, chaka chonse popanda mpata. Pamenepo nkhani si ya pampu ayi, ndi yokambirana ndi anzanu kuti mabedi otha ntchito azizulidwa msanga.

Mwina si matenda amenewa

Musanagule botolo lachiwiri, tsimikizani chimene mukulimbana nacho. Matimati opinimbira, a masamba ang'onoang'ono achikasu m'mbali opindikira m'mwamba, amene mukawagwedeza pamauluka tintchentche toyera, ali ndi Tomato yellow leaf curl virus. Ameneyo amafalitsidwa ndi ntchentche zoyerazo ndipo amakhala m'thupi mwawo masiku ambiri. Yankho lake ndi mbewu zopirira, neti kunazale ndi kuchepetsa ntchentchezo. Pali mavairasi enanso a nsabwe amene amalowa m'thupi la nsabwe n'kukhalamo moyo wake wonse, monga Potato leafroll virus wa mbatatesi ndi kadukutu wa mtedza. Amenewa nsabwe imawatenga ndi kuwapatsira ikamayamwa nthawi yaitali, ndiye mafuta sathandiza kwenikweni, pamene mankhwala ophera nsabwe amathandizako. Tomato mosaic virus ndi Tobacco mosaic virus safuna n'komwe kachilombo: amayenda pa manja, pa mpeni wodulira nthambi ndi pa fodya wa wosuta. Sopo ndi madzi zimachita zambiri pamenepo kuposa pampu.

Zina si mavairasi konse. Masamba a matimati kapena tsabola owonda ndi opotoka mzere wonse pa nthawi imodzi, kawirikawiri ndi pampu imene inathira mankhwala a udzu a 2,4-D m'chimanga n'kusatsukidwa bwino. Chikasu choyambira masamba akale a pansi, chofanana munda wonse, ndi njala ya m'nthaka. Vairasi wa nsabwe amaoneka pa masamba atsopano, amayamba ndi mbewu imodzi apa ina apo, ndipo nthawi zambiri amayambira m'mphepete mwa munda. Kuno ku Lusaka mphepo ya chilimwe imachokera kum'mawa, choncho mizere ya mbali imeneyo ndi yoyamba kuiyendera m'mawa uliwonse.

"Mafuta awotcha masamba"

Izi zimachitikadi, ndipo zifukwa zake n'zodziwika. Choyamba ndi kutentha. Musapopere kutentha kukafika madigiri 32, ndipo ine ndimati mukaona kuti kwapitirira 30, dikirani. Mu Seputembala ndi Okutobala masana a ku Lusaka amafika pamenepo kawirikawiri. Poperani m'mawa mame atangouma, kapena madzulo dzuwa litapendeka koma nthawi yoti masamba aume idakalipo. Mafuta ochedwa kuuma, monga tsiku la mitambo ndi chinyezi m'dzinja kapena m'mawa wozizira kwambiri wa Juni, amasiya mawanga onyowa akuda pa tsamba. Mbewu yofota ndi ludzu imapsa msanga. Thirirani dzulo lake, mupopere lero.

Chachiwiri ndi salufa. Mafuta ndi salufa zikakumana pa tsamba zimaliwotcha koopsa, ngakhale simunaziphatikize m'pampu imodzi. Alimi a matimati ndi nkhaka amathira salufa chifukwa cha akangaude ofiira ndi nkhungu yoyera, n'kuiwala. Siyani masiku osachepera 14 pakati pa ziwirizi, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo lebulo ikanena masiku ochuluka, tsatirani lebulo. Mankhwala a nkhungu a captan ndi chlorothalonil nawonso sagwirizana ndi mafuta. Chizolowezi chathu chothira zonse m'pampu imodzi, mankhwala a chiwawu, a mphutsi, feteleza wa masamba ndi sitika yomatitsa mankhwala pa tsamba, kuti tiyende ulendo umodzi, pa mafuta chisiyeni. Mukakayika, poperani mbewu zochepa za kumapeto kwa bedi, mudikire masiku atatu, muone.

Chachitatu chimabisala m'pampu momwemo. Mafuta akalekana ndi madzi amayandama pamwamba. Pampu imakoka za pansi, ndiye mizere yoyamba imalandira madzi okhaokha, yomaliza n'kulandira mafuta onse. Mukaona kuti kupsa kuli pa malo amene pampu iliyonse inathera, vuto ndi limeneli. Thirani madzi theka, sakanizani mafuta ndi madzi pang'ono m'chitini mpaka ayere mbee, thirani m'pampu, khutchumulani, kenaka dzazani. Mukuyenda, muzigwedeza pampu pamsana pakatha mizere iwiri itatu. Zotsala musagoneke kuti mudzamalize mawa.

Madzi nawonso ali ndi mbali. Lusaka wakhala pa miyala ya laimu, ndipo madzi a m'zitsime ndi m'mabowaholo ambiri ndi olimba. Aliyense amene ketulo yake imachita makoko oyera mkati akudziwa. Madzi otere amatha kusokoneza kulowana kwa mafuta ndi madzi. Yesani musanapopere: tengani botolo loonekera mkati, thiranimo lita imodzi ya madzi anu ndi mamililita 10 a mafuta, khutchumulani, muliike pansi kwa mphindi khumi. Likakhalabe loyera lonse, zili bwino. Mukaona mzere wa mafuta wasonkhana pamwamba kapena timabulumwa tikuyandama, sinthani madzi kapena mafutawo ndi akale.

Apa ndi pamene msakanizo wa kunyumba wa mafuta ophikira ndi sopo umagwera. M'madzi olimba sopo amaundana, mafuta n'kuyandama. Msakanizowu umapha nsabwe zimene wazinyowetsa, ndipo pa bedi la pakhomo lodzaza nsabwe sindiuletsa, koma pa kutchinga vairasi mafuta a zomera ndi ofooka kuposa mineral oil, ndipo amasiya zomata pa masamba. Munda wogulitsa musaudalire pa zimenezi.

Kodi ndalama yake ibwera?

Kupopera sabata iliyonse si ntchito yaing'ono. Pa green pepper, nkhaka, mavwende, butternut ndi mbatatesi yosungira mbewu, ndimaona kuti n'koyenera, makamaka zodzalidwa kuyambira Ogasiti pamene nsabwe zamapiko zachuluka. Pa repu, amene mtengo wake umagwa msika ukadzaza, ikani mphamvu kunazale ndi sabata zinayi kapena zisanu ndi imodzi zoyamba mutawokera, pamene mbewu ili yanthete. Mukayamba kuthyola, poperani mutathyola, osati dzulo lake, kuti masamba asapite kumsika ali onyezimira mafuta. Ngati munathirako mankhwala ena ophera tizilombo, masiku odikira musanakolole ndi a mankhwalawo.

Mafuta amagwira bwino nsabwe zobwera zikachepetsedwa ndi njira zina. Nazale ikutidwe ndi neti ya timabowo tating'ono yosalola nsabwe, yokwiriridwa m'mbali ndi dothi, chifukwa mbande imodzi yodwala ndi gwero la munda wonse. Mizere iwiri kapena itatu ya chimanga kapena mapira mozungulira dimba, yodzalidwa sabata zingapo mbewu isanalowe, imagwira ntchito yanzeru: nsabwe yobwera ndi vairasi imatera pa chimanga, kulawa, n'kumusiya pa mbewu imene sidwala naye, pakuti mavairasi amenewa sakhalitsa pa kamlomo. Udzu wouma woyala pansi umachepetsa nsabwe zotera, popeza zimapeza mbewu mosavuta ikakhala yobiriwira pa dothi loyera. Mbewu yoyamba kuonetsa mawanga izuleni tsiku lomwelo, muiike m'thumba pomwepo kuti nsabwe zake zisabalalike, mukaikwirire kutali. Ndikudziwa kuti dzanja limalemera pozula tsabola amene wayamba maluwa, koma ameneyo sadzakupatsani chipatso chogulitsika. Mbewu ya nyemba ndi ya mbatatesi yosungidwa kuchokera m'munda wodwala imabwera ndi vairasi m'kati, ndipo palibe mafuta angaiteteze. Gulani yovomerezedwa ndi SCCI, bungwe la boma loyeza ndi kuvomereza mbewu, ndipo pa nkhaka ndi tsabola werengani paketi muone ngati mtunduwo ndi wopirira mavairasi tatchula aja.

Ngati mwachita zonsezi kwa nyengo yathunthu ndipo matenda sakutsika, mbewuyo ionedwe ndi odziwa. Yambani ndi alangizi a zaulimi a m'dera lanu, amene angakulozereni ku ZARI, bungwe la boma lofufuza za ulimi, ku Mount Makulu, ku Chilanga. Zulani mbewu yathunthu ndi mizu yomwe, imene yangoyamba kudwala osati yofa kale, mutengenso ina yabwino ya m'bedi lomwelo. Iliyonse ikulungeni payokha m'nyuzipepala youma, muike m'pulasitiki, isakhale padzuwa m'minibasi, ndipo ifike tsiku lomwelo. Tengani paketi ya mbewu ndi pepala limene mwalembapo mankhwala onse amene munathira, muyeso wake ndi masiku ake.